Nkhongole ya maphunziro izitsata mwana

Abale a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, tamvani. HELSB, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, imakongoza ana ophunzira m'mayunivesite a boma muno m'Zambia, monga UNZA, CBU ndi Mulungushi. Ndalama ya cakudya yomwe inabwerera mu 2023 nayonso ndi ya iwo omwewo. Pa mayunivesite onsewa palibe olo imodzi kuno Kum'mawa.

Manje taganizani mwana wa ku Vubwi amene wapeza malo ophunzira za ulimi ku Bunda, kufupi ndi Lilongwe. Kwa iye Lilongwe ndi pafupi kuposa Lusaka. Ku Malawi nkhongole ndi ya nzika zao. Kuno kwao akuti waoloka malire. Basi makolo agulitse ng'ombe, apo ai mwana akhale pakhomo.

Nkhongole si mphatso ai, mwana adzabweza akayamba nchito. Nanga boma likuopa ciani?

Aphungu athu atengere nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo: mwana wa Zambia wophunzira pa yunivesite yovomerezeka m'maiko oyandikana nafe naye azikongozedwa. Akabwera kudzapempha voti, afunseni zimenezi.