Ngongole ya kachewere yafika pa WhatsApp

Anzanga apamsika, Loweruka ndinali ku Chongoni kukapikula kachewere. Mlimi wina anandionetsa foni: waika chithunzi cha venda pagulu la WhatsApp, ati "mbava iyi", kaamba ka matumba atatu osalipira.

Ine ndinaombera m'manja. Koma mphwanga wophunzira zamalamulo ku Zomba anandidula pakamwa. Ati lamulo la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limati wonyoza mnzake mobwerezabwereza pafoni atha kulipira K1 miliyoni n'kukaseweza miyezi 12.

Ha! Wodya matumba ali phee m'tauni, woberedwa ndiye aziopa apolisi?

Ndawauza bambowo afufute chithunzicho, koma mauthenga a ngongoleyo asunge. Lamulo lomwelo limalola mauthenga apafoni kukhala umboni kukhoti.