Chingerezi Chowola Pakatha Zaka Ziwiri

Dziko la Britain linadzala malamulo a ku England m'dera lomwe lero ndi Malawi mu 1902, ndipo m'dera lomwe lero ndi Zambia mu 1911, popanda kufunsa eni nthaka. N'chifukwa chake wophunzira zamalamulo ku Zomba kapena ku Lusaka amasanthula mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932 m'Chingerezi, nadzaimira anthu kukhoti lalikulu m'chinenero chomwecho.

Koma akafuna malo a maphunziro apamwamba a BCL ku Oxford, amauzidwa kuti apereke umboni woti Chingerezi amachidziwa: alembe mayeso monga a IELTS ndi kupeza 7.5, apo ayi apemphe kuti amukhululukire mayesowo. Mnzake wa ku Australia kapena ku Jamaica safunsidwa kanthu, pakuti dziko lake lili pamndandanda wa boma la Britain wa mayiko olankhula Chingerezi. Pamndandandawo palibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi. Chodabwitsa china, zotsatira za mayesowo zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, ngati kuti Chingerezi cha munthu wa mu Africa ndi nsomba yaiwisi.

Oikira kumbuyo lamuloli amati anthu ambiri m'mayikowa salankhula Chingerezi pakhomo. Zoonadi. Komatu wopempha malo si mudzi wonse. Ndi munthu mmodzi amene digiri yake ili m'manja. Ayesedwe ndi ntchito yake, osati pasipoti.

Mayunivesite a m'chigawo chino aleke kukhala chete pamene madigiri awo akukayikiridwa. Amene anakakamiza anthu chinenero sayenera kuwalipiritsanso kuti atsimikize kuti anachiphunzira.