Mbava za pa intaneti zasirira mayunivesite: kodi mlandu ndi wa yemwe anatsegula imelo?

Mu Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inachenjeza za gulu la mbava za pa intaneti lomwe inalitcha Storm-2657. Gululi silinkafuna zotsatira za kafukufuku kapena mayeso a ophunzira. Linkafuna malipiro a antchito a m'mayunivesite a ku United States. Malinga ndi kampaniyo, kuyambira mu Malichi chaka chomwecho mbavazo zinalanda maakaunti 11 a imelo pa mayunivesite atatu, ndipo zinawagwiritsa ntchito potumiza maimelo anyambo kwa anthu pafupifupi 6,000 a m'mayunivesite 25. Ena mwa maimelowo ankanena za matenda omwe akuti abuka pasukulu, ena za mphunzitsi yemwe akuti wapalamula, ena ankaoneka ngati achokera ku ofesi yoona za antchito.

Munthu akakodwa n'kulemba mawu ake achinsinsi, mbavazo zinkalowa m'dongosolo lolipirira antchito monga Workday n'kusintha nambala ya akaunti ya kubanki. Zinkakonzanso imelo ya munthuyo kuti uthenga uliwonse womudziwitsa za kusinthako uzifufutika wokha. Choncho munthu akhoza kugwira ntchito mwezi wathunthu osadziwa kanthu, mpaka tsiku lolandira.

Nkhani zotere zikamveka, yankho la akuluakulu limakhala lodziwikiratu. Amatumiza kalata kwa antchito onse yowakumbutsa kusamala, amakonza maphunziro a ola limodzi, ndipo m'makonde anthu amayamba kunong'onezana za yemwe anatsegula imeloyo. Maphunzirowo ndi ofunika, palibe angatsutse. Koma tikayang'ana mozama malipoti a mabungwe omwe anagwa m'vutoli n'kulimba mtima kufotokoza poyera zomwe zinachitika, chithunzi chake n'chosiyana. Imelo imangotsegula chitseko chakunja. Chomwe chimachititsa kuti yunivesite igwe kapena ipulumuke ndi zomwe mbava imapeza ikalowa, komanso ngati pali munthu wokhala ndi nthawi ndi mphamvu zoti aione.

Choyamba n'kuvomereza kuti nyambo siilephera kukola munthu. Mu Epulo 2019, bungwe la Jisc, lomwe limayendetsa netiweki yolumikiza mayunivesite a ku Britain, linanena kuti akatswiri ake omwe amayesa chitetezo cha mayunivesite pogwiritsa ntchito maimelo anyambo ankakwanitsa kufika pa zinthu zamtengo wapatali pasanathe maola awiri, ndipo sanalepherepo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, boma la United States linaimba mlandu anthu 9 a ku Iran ogwirizana ndi bungwe la Mabna Institute, ponena kuti anatchera misampha maakaunti a aphunzitsi oposa 100,000 ndipo anakwanitsa kulowa m'maakaunti pafupifupi 8,000. Okodwawo anali anthu ophunzira kwambiri. Ntchito ya mphunzitsi wa payunivesite ndiyo kutsegula makalata ochokera kwa anthu omwe sakuwadziwa: wophunzira wofuna malo, mkonzi wa magazini ya kafukufuku, mnzake wa kudziko lina. Kumuuza kuti asamatsegule zochokera kwa alendo kuli ngati kuuza wogulitsa mumsika kuti asamalankhule ndi odutsa.

Chitsanzo chomwe chinafotokozedwa mwatsatanetsatane kuposa zambiri ndi cha Maastricht University ya ku Netherlands. Pa 15 ndi 16 Okutobala 2019, maimelo anyambo anatsegulidwa pa makompyuta awiri. Tsikulo palibe chinazima. Aphunzitsi anaphunzitsa, ophunzira anabwereka mabuku, malipiro analowa. Mbavazo, zomwe akatswiri a kampani ya Fox-IT anadzazitchula kuti ndi gulu la TA505, zinayamba kuyenda mwakachetechete kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, zikufufuza pofooka. Pa 21 Novembala zinapezapo: seva yomwe inali isanaikidwe zigamba zachitetezo zomwe opanga mapulogalamu amatulutsa akazindikira chiboo. Kudzera pamenepo zinatenga ulamuliro wonse wa netiweki, ulamuliro womwe umayenera kukhala ndi akatswiri ochepa okha a payunivesitepo.

Ngakhale pamenepo sizinafulumire. Zinadikira mpaka pa 23 Disembala, anthu ambiri atapita kutchuthi cha Khirisimasi, n'kumasula pulogalamu yotchedwa Clop, imodzi mwa mapulogalamu a ransomware omwe amatsekera mafayilo kuti mwini wake asawatsegule mpaka atapereka dipo. Maseva 267 a Windows anatsekeka, kuphatikizapo a imelo ndi osungira mafayilo. Choopsa kwambiri chinali chakuti ena mwa makope omwe yunivesite inasunga kuti adzaithandize pa tsiku ngati limeneli anali olumikizidwa pa netiweki yomweyo, motero nawonso anatsekeka. Nkhokwe ndi nyumba zinapsera limodzi.

Kuchokera pa 15 Okutobala kufika pa 23 Disembala ndi masiku 69. Chiwerengero chimenechi n'chomwe chiyenera kudetsa nkhawa mkulu aliyense wa yunivesite, kuposa funso loti anatsegula imelo ndani. Kwa masabata pafupifupi 10 mlendo ankayendayenda m'nyumba, akuyesa zitseko, osagwidwa. Yunivesiteyo inavomereza zimenezi poyera pa msonkhano womwe inachititsa mu Febuluwale 2020. Mwa zomwe inati iyenera kukonza panali kasamalidwe ka malipoti a maimelo anyambo, kuika zigamba pa nthawi yake, kugawa netiweki m'zigawo kuti wolowa chipinda chimodzi asafike m'zipinda zonse, kulondera usana ndi usiku, ndi kusunga makope pamalo osalumikizidwa. Palibe chimodzi mwa izi chomwe mlembi wa mu ofesi kapena mphunzitsi wa mbiri yakale angachite payekha. Zonse ndi ntchito ya dipatimenti yoona za makompyuta, ndipo zonse zimafuna anthu ndi ndalama zomwe akuluakulu ndiwo amavomereza.

Akuluakulu a Maastricht anasankha kulipira. Anapereka ma bitcoin 30, omwe panthawiyo anali pafupifupi mayuro 200,000, ponena kuti kumanganso zonse kukanatenga nthawi yaitali ndipo ophunzira akanalephera kulemba mayeso ndi kumaliza maphunziro. Makalasi anayambanso pa 6 Januwale. Nkhaniyi ili ndi mchira wodabwitsa: apolisi anatsatira gawo lina la ndalamazo n'kulilanda, ndipo pofika 2022, chifukwa cha kukwera mtengo kwa ndalama za pa intaneti, gawolo linali litafika pafupifupi mayuro 500,000. Yunivesite inati ndalamazo zipita ku thumba lothandiza ophunzira ovutika. Ena anaseka n'kumati yapindula, koma yunivesiteyo inanena kuti zonse zomwe inawononga pa ngoziyi zinaposa ndalama imeneyo. Ndipo mwayi wotere sugwera aliyense. University of California San Francisco inalipira madola 1.14 miliyoni mu Juni 2020 kuti ipezenso mafayilo a sukulu yake ya zaudokotala.

British Library ya ku London si yunivesite, koma ndi nyumba yomwe ofufuza a m'mayunivesite ambiri amadalira, ndipo lipoti lomwe inatulutsa mu Malichi 2024 likufanana ndi la Maastricht mochititsa mantha. Gulu la Rhysida linaiukira kumapeto kwa Okutobala 2023. Lipotilo linati n'kutheka kwambiri kuti mbavazo zinalowera pa seva yomwe inaikidwa mu 2020 kuti makampani othandiza pa ntchito azitha kulowa ali kutali. Pa seva imeneyo panalibe loko wachiwiri, kutanthauza njira ija yoti munthu akalemba mawu achinsinsi atsimikizenso kuti ndi iyeyo kudzera pa foni kapena kachipangizo kena. Kuopsa kwake kunkadziwika, koma nkhani ya ndalama ndi kuvuta kwa ntchitoyo zinachititsa kuti ichedwe. Lipotilo linatchulanso makina akalekale ovuta kuteteza, komanso kuti dipatimenti ya zamakompyuta inali yolemedwa kale ndi ntchito ndipo inali ndi antchito osakwanira.

Laibulaleyo inakana kulipira. Mbavazo zinamwaza pa intaneti mafayilo okwana pafupifupi 600GB, ndipo ena mwa omwe anavulala anali antchito ake omwe, chifukwa m'mafayilomo munali zikalata zawo za ku ofesi yoona za antchito. Apa m'pomwe nkhaniyi imakhudza munthu payekha. Bwana akamakulemba ntchito amasunga chithunzi cha pasipoti yako, nambala ya kubanki, adiresi, nthawi zina ngakhale zikalata za kuchipatala. Kwa Mmalawi kapena Mzambia wophunzitsa kapena wogwira ntchito pa yunivesite ya ku Britain, m'fayilo yomweyo mulinso zikalata za chilolezo chokhalira m'dzikomo. Mawu achinsinsi akabedwa amasinthidwa tsiku lomwelo, koma tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti zimakhala m'manja mwa mbava kwa zaka. Mu Juni 2023, University of Manchester itaukiridwa, mbava zinafika polembera maimelo antchito ndi ophunzira mwachindunji, kuwaopseza kuti ziulula zinsinsi zawo, pofuna kuti iwowo akakamize akuluakulu kulipira.

Palinso kusintha kwina komwe kukuika ofesi yothandiza antchito pa zamakompyuta pakati penipeni pa nkhondoyi. Mbava zina zasiya kuvutika ndi maimelo, zikungoimba foni. Zimafufuza dzina ndi udindo wa wantchito pa masamba monga LinkedIn, kenaka n'kuimbira ofesiyo modandaula kuti foni yatayika ndipo zikufunika mawu achinsinsi atsopano mwamsanga. Njira yotereyi inatchulidwa pa kuukiridwa kwa kampani ya mahotela ya MGM Resorts mu Seputembala 2023, komwe kampaniyo inati kunaiwonongetsa madola pafupifupi 100 miliyoni. Aliyense yemwe anaimbiridwapo ndi munthu wodzitcha wantchito wa kampani ya mafoni, wofuna nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni, akuidziwa bwino nyimbo imeneyi. Kusiyana kwake n'kwakuti payunivesite woyankha foniyo kawirikawiri amakhala wachinyamata wa udindo wotsika, yemwe ntchito yake imayezedwa ndi liwiro lomwe amathandizira anthu. Woimbayo akadzitcha pulofesa n'kukweza mawu, pamafunika lamulo lolembedwa komanso bwana woima kumbuyo kwa wachinyamatayo kuti athe kuyankha mwaulemu kuti, "Pepani bwana, sindisintha kanthu mpaka titsimikize kuti ndinudi."

N'chifukwa chake kuloza chala wotsegula imelo kumapweteka yunivesite yomwe. Wantchito yemwe akudziwa kuti dzina lake likamveka adzanyozedwa kapena kulangidwa amatseka kompyuta n'kukhala chete, akuyembekeza kuti palibe chachitika. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma pano imafa ndi mudzi wonse. Lipoti lofika mphindi 10 munthu atakodwa limapatsa akatswiri mpata wosintha mawu achinsinsi ndi kuchotsa kompyutayo pa netiweki. Komabe lipotilo limathandiza pokhapokha ngati kuli munthu woliwerenga msanga, osati kuliika pamzere umodzi ndi madandaulo a makina osindikizira omwe atha inki.

Mayunivesite ali ndi zovuta zomwe banki ilibe. Chaka chilichonse kumabwera ophunzira masauzande ndi mafoni ndi malaputopu awoawo. Madipatimenti ena amadziikira maseva awo osauza aliyense. M'malabotale muli zipangizo zodula zomwe zimayendera mapulogalamu akale, ndipo kuzisintha kumafuna kugula chipangizo chonse. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kupereka mwaulere kwa aliyense zigamba zachitetezo za Windows 10, pomwe makompyuta ambiri akale sangathe kulandira Windows 11. Kwa yunivesite yolemera imeneyi ndi nkhani ya bajeti. Kwa yunivesite ya ku Zomba, Lusaka kapena Harare, komwe makompyuta amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa, ndi chisankho pakati pa makina osatetezeka ndi kusowa makina. Pamwamba pa izo, katswiri wa zachitetezo yemwe yunivesite yamuphunzitsa sachedwa kukopedwa ndi banki kapena kampani ya mafoni yolipira bwino.

Kunena kuti mbava zimangofuna mayiko olemera n'kudzinamiza. Mu Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko la Malawi pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti analowedwa ndi anthu omwe ankafuna dipo, ndipo kwa masabata angapo anthu sanathe kulandira mapasipoti. Chaka chomwecho dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, lomwe linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira. Ku South Africa lamulo la POPIA limakakamiza bungwe lomwe laberedwa zinsinsi za anthu kudziwitsa eni ake ndi ofesi ya Information Regulator, pomwe ku Britain bungwe liyenera kudziwitsa ofesi ya ICO pasanathe maola 72. Malamulowa amaika udindo pa bungwe losunga zinsinsizo, osati pa wantchito yemwe chala chake chinaterereka. Choncho yunivesite yomwe imalekerera kuti magiredi a ophunzira ndi ndandanda ya malipiro ziziyenda pa WhatsApp, pa maimelo a anthu eni ake kapena pa mafulashi, chifukwa imelo ya pantchito imavutavuta, ikudziikira yokha mlandu.

Njira yomwe Maastricht inatulukira nayonso ikuoneka kuti ikutsekeka. Mu Julayi 2025 boma la Britain linalengeza kuti likufuna kuletsa mabungwe a boma, monga zipatala za NHS, makhonsolo ndi masukulu, kulipira dipo, komanso kuti mabungwe ena azidziwitsa boma asanalipire. Cholinga chake n'chakuti mbava zione kuti kumeneko kulibe phindu. Otsutsa akufunsa chomwe chidzachitikire bungwe lomwe makope ake onse atsekeka ndipo lamulo lalimanga manja. British Library, yomwe sinalipire, inabwezeretsa ndandanda yake yaikulu ya mabuku pa intaneti mu Januwale 2024, patatha miyezi iwiri ndi theka, ndipo ntchito zake zina zinatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo.