Mzinda Suphunzitsa Munthu

Pali matenda amene atigwira ife okhala ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, ndipo mankhwala ake simungawapeze m'sitolo iliyonse ya ku City Centre. Matendawa ndi oyeza maphunziro a mwana poona kukula kwa mzinda umene wapitako. Mwana akapita ku London, Toronto kapena Johannesburg, makolo ake amayenda monyang'wa, mpingo wonse n'kudziwa. Koma akapeza malo pa yunivesite ya m'katauni kakang'ono kakunja, nkhani yake imanenedwa chapansipansi ngati mwanayo waba nkhuku. Ine ndikuti khalidwe limeneli ndi umbuli wovala suti, ndipo likutimalizira ndalama komanso kutitayitsa ana.

Ndagwira ntchito m'boma zaka zambiri ndithu, ndipo makambirano awa ndawamva m'maukwati, m'maliro ndi m'maofesi momwe. "Kodi mtsikana wanu uja ali kuti, amayi?" "Ali ku Makhanda." "Kumeneko ndiye kuti? Ku Cape Town malo anasowa?" Palibe wofunsa kuti akuphunzira chiyani, akumuphunzitsa ndani, kapena kuti laibulale yake ndi yotani. Wofunsayo sadziwa n'komwe kuti ku Makhanda, kumene mpaka 2018 kunkatchedwa Grahamstown, n'kumene kuli Rhodes University. Iye akufuna dzina la mzinda umene amauona pa TV basi.

Tiyeni tifunse mbiri yathu, pakuti safunsa anadya phula. John Chilembwe, amene nkhope yake tikuyenda nayo m'thumba pa ndalama ya K2,000, atapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 sanakaphunzire ku New York ayi. Anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, pa sukulu ya zaubusa ya anthu akuda, ndipo mu 1900 anabwerera kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu. Kamuzu Banda anayambira maphunziro ake a ku America ku Wilberforce, kamudzi ka m'chigawo cha Ohio, asanafike ku Chicago ndi ku Edinburgh. Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere anaphunzira ku Fort Hare, m'katauni ka Alice ku Eastern Cape, sukulu imene inatsegulidwa mu 1916 ndipo inasulanso Nelson Mandela, Oliver Tambo ndi Seretse Khama. Kodi Alice ndi mzinda? Pitani mukaone. Koma m'katauni kameneko ndimo anyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa ankadyera pamodzi, kutsutsana usiku wonse, mpaka kuzindikira kuti goli la atsamunda linali limodzi.

Nanga Legson Kayira? Ananyamuka wapansi kumpoto kwa dziko lino mu 1958, nayenda mpaka ku Khartoum, pofuna maphunziro. Sukulu imene inamulandira ndi Skagit Valley College ku Mount Vernon, m'chigawo cha Washington, dera la alimi. Anthu a m'katauniko ndiwo anasonkherana ndalama za ulendo wake. Kuchoka apo anakafika mpaka ku Cambridge, ndipo mu 1965 anatulutsa buku lake lija, I Will Try. M'masiku athu ano William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu anamaliza maphunziro ake mu 2014 ku Dartmouth College, m'katauni ka Hanover. Tsono amene amanyoza matauni ang'onoang'ono andiuze: mwa anthu onsewa, mbuli ndi uti?

Tikambe za m'thumba, chifukwa apa ndi pamene pali misozi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Kholo limene linkalipira fizi ndi lendi m'ndalama zakunja linagona lili bwana n'kudzuka lili wopempha. Ndawaona anzanga ena atagulitsa puloti, ena atalowa m'katapila, ena akuzungulira m'makhwalala a ku Old Town kusaka madola pa mtengo wopweteka, zonsezi n'cholinga choti mwana akhale mu mzinda wotchuka. Mwanayo kumeneko akugona m'kachipinda kutali ndi sukulu, akukwera sitima maola awiri tsiku lililonse, usiku akutsuka mbale mu lesitilanti kuti apeze ya lendi. Awerenga nthawi yanji? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mnzake wa m'katauni kakang'ono amayenda wapansi kupita m'kalasi, lendi yake ndi yotsikirapo, ndipo mphunzitsi amamudziwa dzina. Akajomba masiku awiri, pamapezeka womufunsa.

Ena adzati ndikukometsa zinthu. Adzati m'katauni kakang'ono mwana amasungulumwa, ufa wa nsima sapeza, womuyankhula Chichewa palibe, maganyu ndi osowa, ndipo akakhala wakuda yekha m'kalasi maso onse amakhala pa iye. Zonsezi n'zoona, sindikukana. Ku Makhanda komweko madzi akhala akuvuta kwa zaka zambiri. Koma kodi mu mzinda waukulu anthu sasungulumwa? Kusungulumwa kwa pakati pa chikhamu cha anthu osakudziwa ndiko kowawa kwambiri. Komanso mwana amene wapita kunja n'kumakhala pakati pa Amalawi okhaokha, kudya nawo, kucheza nawo, kudandaula nawo za kumudzi, amabwerako ndi pepala lokha. Wa m'katauni kakang'ono alibe kothawira. Amakakamizika kuphunzira chiyankhulo cha eni dera, kulowa m'nyumba zawo, kufotokoza kuti Malawi ali pati. Amenewonso ndi maphunziro, ndipo fizi yake salipiritsa.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti matendawa salekera pakhomo, amatitsatira mpaka kuntchito. Ndinakhalapo pa gulu lofunsa anthu ofuna ntchito mu ofesi ina, ndipo ndinaona mkulu wina akukankhira pambali pepala la mnyamata wanzeru chifukwa chakuti tauni imene anaphunzirako sanaimvepo. Kusadziwa kwa bwana kunasanduka mlandu wa mnyamatayo. Chonsecho funso loyenera linali limodzi: kodi sukuluyo ndi yovomerezeka? Tili ndi bungwe la National Council for Higher Education limene limaunika mapepala ochokera kunja. Digiri yabodza ikhoza kuchokera mu mzinda waukulu, ndipotu akathyali ambiri amakonda kudzibisa kuseri kwa maina a mizinda yotchuka.

Ndipo tisaiwale kuti ifenso mayunivesite athu ali m'malo otere. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. MUST ili ku Thyolo, pakati pa minda. Bunda ili kufupi ndi Mitundu, kumene ophunzira ochokera m'maiko ena a mu Africa amabwera kudzaphunzira za ulimi wa nsomba. Tikamanyoza Alice ndi Makhanda, tikudzitukwana tokha. Nanga alendo amenewa timawalandira bwanji? Ndani mwa ife a m'mipanda ya njerwa amene anaitanako mmodzi kudzadya nsima ya chambo Lamulungu? Tikufuna anthu a kunja asamale ana athu monga a ku Mount Vernon anasamalira Kayira, pamene ife mwana wa eni timamukwezera mtengo pa msika wa Tsoka tikangomva kuti Chichewa chake n'chopotoka. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Choncho makolo anzanga, mwana akabwera ndi kalata yomuitana ku sukulu ya kunja, musathamangire kufunsa kukula kwa mzinda. Funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, funsani za aphunzitsi, za lendi, za chipatala, ndi za amene adzamuyendere akadwala. Mukapeza kuti zonsezi zili bwino, muperekezeni ku Lumbadzi mosangalala, ndipo a pa mpingo akakufunsani kumene wapita, tchulani dzina la katauniko mokweza.