Usipa Uyambe Wafika M'mbale ya Mwana

Ku Senga Bay ndi ku Chipoka usipa umadzaza mathandala, kenaka nkukwera galimoto kunka ku Lilongwe, pamene mwana wa msodzi yemweyo akumwa phala la mchere wokha. Zimenezi nzochititsa manyazi.

Ubongo wa mwana umakula mofulumira kuyambira ali m'mimba kufikira zaka ziŵiri, ndipo chimene wasoŵa panthaŵiyi nchovuta kuchibwezera. Kafukufuku wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno adali opinimbira.

Inu alangizi ndi atsogoleri a m'midzi, musamangonena za sikelo ndi katemera. Auzeni makolo kuti mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, azimsinjira usipa wouma nkuthira m'phala. Wotsalawo ndiwo upite kumsika.