Ozima moto a pa bwalo la ndeke sangasenze cigwa conse

Munthu wodziwa kuzima moto ndi kutsitsimutsa wovulala tili naye m'boma la Mambwe. Amapezeka pa bwalo la ndeke la Mfuwe, atavala zovala zolemela m'kutentha kwa Okutobala, pamene dzuwa la m'cigwa ca Luangwa limapitilila madigili 40. Nchito yake ndi yoyenela ulemu. Koma tiyenela kumvetsa bwino kuti nchitoyo imayambila pati ndipo imathela pati.

Malamulo a bungwe la ICAO, limene limayang'anila maulendo a ndeke pa dziko lonse, amafuna kuti ozima moto afike pa malo alionse a msewu wotela ndeke pasanathe mphindi zitatu. Mafuta a ndeke sazimika ndi madzi okha, amafuna thovu lapadela, ndipo anthu otsekeledwa m'kati sangapilile utsi nthawi yaitali. Galimoto yozimila moto ikacoka pa bwalo, citetezo cimene ndeke zimadalila cimatsika, ndipo ndeke zina sizingaloledwe kutela. Kampani ya Zambia Airports Corporation, imene imayendetsa bwaloli pamodzi ndi a ku Lusaka, Ndola ndi Livingstone, siingaseweletse lamulo limeneli. Alendo obwela kudzaona nyama mu South Luangwa ndiwo amabweletsa ndalama zolipila ana athu ogwila nchito m'malo ogona alendo.

Motelo nkhokwe ikayaka kwa Mnkhanya, kwa Msoro kapena kwa Jumbe, si nzelu kuyang'ana ku bwalo la ndeke. Ngakhale ataloledwa kupita, nyumba ya udzu imatha m'mphindi zocepa, galimoto isanafike n'komwe pa mphambano.

Abale athu a m'makomboni a Lusaka amadziwa bwino vuto lotele. Ku Misisi, Kanyama ndi Chibolya nyumba zinamangidwa mothithikana, tinjila n'topapatiza, ndipo mipope yotungapo madzi ozimila moto njosowa. Ozima moto akafika mocedwa amalandilidwa ndi mau oipa, conseco amene anawacedwetsa ndi msewu. Mu 2017 msika wa City Market unapsa ndi katundu wa amalonda ambilimbili, ndipo caka comweco dziko linakangana za magalimoto 42 ozimila moto ogulidwa pa madola 42 miliyoni. Phunzilo lake n'lakuti galimoto payokha siipulumutsa munthu ngati palibe njila, madzi ndi anthu ophunzitsidwa pafupi ndi ngozi.

Kuno cotilepheletsa ndi mtunda. Wogwidwa ndi ng'ona, wopondedwa ndi njovu m'munda, wolumidwa ndi njoka, kapena mai amene pakati pamuvuta usiku, ayenela kufika ku cipatala monga ca Kamoto, mwinanso ku Chipata, mtunda wopitilila makilomita 100. Cimene wam'nyamula acita m'ola loyamba ndico cimagamula ngati afika wamoyo.

Tikupempha zinthu zitatu.

Coyamba, kwa khonsolo ya Mambwe ndi makhansala. Ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Makomiti a citukuko m'mawodi aikeko maphunzilo a cithandizo coyamba, zonyamulila odwala ndi mafuta a ambulasi. Khonsolo ikambilanenso ndi akulu a bwalo la ndeke kuti akatswili ao aziphunzitsako acinyamata athu pa masiku amene ndeke zacepa, makamaka m'dzinja.

Caciwili, kwa mipingo. Mphakati uliwonse, cigwilizano ca amai ciliconse, cisankhe anthu awili odzaphunzila kuletsa magazi ndi kunyamula wothyoka. A Red Cross amaphunzitsa zimenezi. Pa zolengeza za pa Sondo, akulu a mpingo akumbutse anthu kuti pa bala la moto timathila madzi oyela ozizila kwa mphindi 20, osati mafuta ophikila kapena mankhwala otsukila mano. Wolumidwa ndi njoka sitim'tema mphini kapena kum'manga cingwe colimba. Timam'goneka, asayende, n'kuthamanga naye ku cipatala.

Cacitatu, kwa ife alimi. Moto wambili wa m'cilimwe timayatsa tokha, posaka mbewa ndi pochela mapesi madzulo kuli mphepo. Tilambule mozungulila nkhokwe ndi pamene taunjika thonje udzu usanaumiletu. Zigubu za petulo wa njinga zamoto zisagone m'nyumba imene muli mbaula ndi ana. Mafumu ndi anyakwawa alange woocha chile mosasamala, pakuti mlimi wopselelwa cimanga mu Ogasiti alibe pokolola pena mpaka caka camawa.

Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ozima moto a pa bwalo la ndeke apitilize kulonda ndeke, ndipo tikuwathokoza. Koma mudzi uliwonse ukhale ndi munthu wakewake wodziwa cocita nthawi ya lupsa isanafike.