Mua: chuma chimene Amalawi ambiri amangochilambalala

Tsiku ndi tsiku mabasi ndi maminibasi amathamanga mumsewu wa M5 kuchoka ku Salima kulowera ku Balaka, koma apaulendo ambiri sadziwa kuti pakati pa Mtakataka ndi Golomoti pali kanjira kolowera kutsinde kwa mapiri a Dedza. Kanjirako kamakathera pa Mishoni ya Mua, malo amene Mmalawi aliyense, Mkatolika kapena ayi, ayenera kukawaona ndi maso ake.

Ansembe a chipani cha White Fathers adayamba afika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma zinthu sizidawayendere ndipo adachokako mu 1891. Atabweranso mu 1902, adamanga misasa yawo pa Mua, m'dera la Inkosi Kachindamoto, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Kuyambira nthawi imeneyo mishoniyi sidasunthepo.

Chimene chimayamba kukopa maso ndi nyumba yakale ya ansembe, yosanjikizana, yanjerwa zootcha zofiira, yokhala ndi khonde lotchinga dzuwa. Amisiri ake adadziwa kuti kuchigwa kuno kumatentha koopsa, choncho adamanga moti mphepo izidutsa. Tchalitchi choyamba chidamangidwa mu 1905, pomwe chimene akhristu akupemphereramo lero ndi cha mu 1971. Mkati mwake muli zosemasema ndi zojambula za amisiri a pomwepo, zofotokoza nkhani za m'Baibulo ndi nkhope komanso miyambo ya anthu a kuno.

Mpando wa episkopi wa dayosizi ya Dedza uli ku Bembeke, koma mizu yake ili pa Mua. Mwana wa dera lino, Cornelius Chitsulo, adakhala wansembe woyamba wa Chimalawi mu mpingo wa Katolika mu 1937, ndipo mu 1957 adadzozedwa kukhala episkopi woyamba wa Chimalawi.

Komatu phunziro lalikulu la Mua lili pa nkhani ya gule wamkulu. Kale amishoni ndi anthu a kudambwe anali pachimkulirano, makamaka m'zaka za m'ma 1920 pomwe ankalimbirana ana, ena akuti apite kusukulu, ena akuti akamete. Lero pabwalo lomwelo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, momwe muli zigoba za gule zoposa 400, pamodzi ndi zipangizo zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Makoma ake akunja ali ndi zithunzi zolongosola mbiri ya dziko lino.

Ntchitoyi idayamba ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada yemwe adapatsidwa mfunda woti Chisale. Iwo adakhazikitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, ndipo zosema za amisiri amene adaphunzira pamenepa zidafika mpaka m'matchalitchi a mayiko akunja. Pomwe bungwe la UNESCO limazindikira gule wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, pa Mua anali atayamba kale kumusunga.

Nanga bwanji mlendo atha kuwoloka nyanja kudzaona zimenezi, pomwe mwana wa pa Golomoti amaliza sukulu osapondapo? Akuluakulu a sukulu za m'maboma a Dedza, Salima ndi Ntcheu akamakonza maulendo a ophunzira, asamangoganiza za kunyanja kokha. Tsiku limodzi pa Mua lingamuphunzitse mwana mbiri imene bolodi ndi choko sizingathe kumuonetsa. Nawo makwaya ndi magulu a amayi a mipingo yonse atha kusonkherana ya galimoto n'kukacheza.

Chinanso, nyumba ya zaka zoposa 100 ili ngati nkhalamba: imafuna chisamaliro. Chiswe, mvula ndi chinyezi sizisankha kuti ili ndi khoma la tchalitchi. Mtolo wosamala malowa usasiyidwe m'manja mwa ansembe ndi akhristu a parishi okha. Boma, kudzera m'nthambi zoona za zinthu zakale ndi zokopa alendo, komanso makampani amene amapindula ndi alendo a kunyanja, ayenera kuikapo dzanja.

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Njerwa zatsopano zimapezeka paliponse, koma khoma lomwe lidaona chaka cha 1905 likagwa, palibe mmisiri angalibwezere.